Burkitt lymphoma mwa mwana wa ataxia-telangiectasia: mankhwala ochepa atamugwetsa ndi pamene tinamuyang'ana bwino

Mnyamata wa zaka 8 wochokera m'mudzi wina wa m'boma la Chadiza anafika pachipatala chathu mkati mwa dzinja, mwezi wa Febuluwale, amayi ake atamubereka kumbuyo ngati khanda. Mimba inali itatupa kwa milungu itatu, pansi pa chibwano cha kumanja panali chotupa chomwe chinkakula tsiku ndi tsiku, usiku ankatuluka thukuta, ndipo nsima anali atasiya. Ankalemera 19 kg, kutalika 118 cm. Pafayilo yomugonekera panalembedwa kuti sakuyenda chifukwa chofooka. Mawu amenewo anakhala pafayiloyo milungu itatu osafunsidwa ndi munthu, ndipo lipotili lalembedwa makamaka chifukwa cha iwo: kuseri kwake kunali ataxia-telangiectasia, matenda obadwa nawo amene amachititsa mwana kudzandira ndi kufooketsa chitetezo cha thupi lake.

Kadi ya kusikelo ndi mabuku ake a kuchipatala zinali ndi mbiri yaitali. Anayamba kuyenda ali ndi miyezi 14. Ali ndi zaka ziwiri ndi theka anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, ndiye kuyambira pamenepo kudzandira kwake konse kunkatengedwa ngati chilema chomwe malungowo anamusiyira. Maso anayamba kufiira ali ndi zaka 5, ndipo anapatsidwa mafuta a tetracycline kasanu m'makiliniki osiyanasiyana, ngakhale masowo sankatuluka manthongo, sankayabwa, sankawawa. Anagonekedwa kanayi ndi chibayo, khutu la kumanzere linkatuluka mafinya pafupipafupi, ndipo ali ndi zaka 6 anamwa mankhwala a TB kwa miyezi 6 pomwe chopima TB cha GeneXpert sichinapeze kanthu. Titawerenga pambuyo pake tinapeza kuti anali atajambulidwa X-ray ya pachifuwa ka 6. Vuto lililonse linathandizidwa palokha, pa tsiku lake, ndi munthu wake. Panalibe amene anayala mabukuwo pamodzi.

Zopima za tsiku loyamba zinatuluka motere: hemoglobini 8.1, maselo oyera 6.4 koma ma lymphocyte, mtundu umodzi wa maselo oyerawo, 0.9 okha, ma platelet 310, creatinine yabwino, uric acid yokwera, LDH yoposa malire kanayi. HIV analibe, hepatitis B analibenso. Malungo anapezeka ndipo anayamba Coartem. Sikani ya ultrasound inaonetsa chotupa cha 9 cm kumunsi kwa mimba cha kumanja, anabele otupa m'mbali mwa msempha waukulu wa aorta, ndi madzi m'mimba. Zomwe tinakoka ndi singano pachotupa cha pachibwano zinaonetsa maselo ofanana kukula, a cytoplasm ya buluu wodera yokhala ndi timabowo tambiri. Madzi a mumsana ndi mafuta a m'mafupa zinalibe maselo a khansa. Kanyama kodulidwa pachotupa tinakatumiza ku Lusaka, ndipo yankho litabwera patapita masiku 16 linatsimikiza zomwe tinkaganiza: zizindikiro za pamaselo za CD20 ndi CD10 zinalipo, BCL2 panalibe, Ki-67 pafupifupi 100 peresenti. Burkitt lymphoma, khansa ya ma lymphocyte, siteji III.

Yankholo sitinaliyembekezere. Chotupa cha Burkitt chimatha kuwirikiza kukula kwake m'maola 24 mpaka 48, mwanayo anali atayamba kupuma movutika chifukwa cha mimba, ndipo kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Titakambirana pafoni ndi madokotala a khansa ya ana, tinagwirizana zomupatsa kaye mankhwala ochepa ofewetsa chotupa. Thupi lake linawerengedwa kukhala 0.79 m². Pofuna kuteteza impso, tinayamba ndi madzi a m'dilipi opanda potassium, malita atatu pa m² patsiku, kutanthauza 100 mL pa ola, pamodzi ndi allopurinol 100 mg kawiri patsiku, kuyeza mkodzo wonse ndi kupima potassium ndi creatinine m'mawa ndi madzulo. Patapita maola 24 analandira cyclophosphamide 300 mg/m², vincristine 1 mg/m², methotrexate ya mumsana, ndi prednisolone 60 mg/m² patsiku kwa masiku 7. Impso zinapirira. Pofika tsiku la 7 chotupa cha m'mimba chinali chitatsika kufika 4 cm ndipo mwana anapempha phala.

Pa tsiku la 9 zinthu zinatembenuka. Thupi linatentha kufika 39.2, ma neutrophil, maselo oyera olimbana ndi majeremusi, anagwa kufika 0.2, m'kamwa monse munachita zilonda moti malovu omwe ankalephera kumeza. Anadandaula kuwawa nsagwada, chimbudzi chinamangika masiku asanu, mapazi onse awiri analendewera. Anapatsidwa ceftriaxone ndi gentamicin, morphine, ndi chakudya cha pachubu cha m'mphuno. Ma neutrophil sanabwerere mpaka tsiku la 23.

Apa ndi pamene anzathu ayenera kuima. Muyeso umene tinapereka ndi wochepa dala, umapangidwira ana odwalitsitsa, ndipo ambiri amaupirira. Mwana wopinimbira, wamalungo, amatha kuvutika nawo kuposa ena, n'chifukwa chake poyamba tinakankhira zonse ku kunyentchera. Koma kunyentchera sikufotokoza mapazi kulendewera ndi jakisoni mmodzi wa vincristine, kapena mafupa kukhala milungu iwiri yathunthu osatulutsa maselo. Mankhwala akapweteka mwana moposa muyeso wake, funso liyenera kupita kwa mwanayo: maselo akewa akutha kudzikonza?

Amene anatsegula nkhani ndi physiotherapist, katswiri wa mafizo, yemwe anaitanidwa chifukwa cha mapazi. Anaona kuti akamuonetsa cholembera cha kumbali, mnyamatayo sankatembenuza maso, ankaponya mutu wonse kaye, maso n'kutsatira m'mbuyo mochedwa, uku akuphethira. Atawafunsa amayi ake, iwo anati, "Ndi mmene amayang'anira chibadwire, adokotala. Kudzandirakonso anayamba malungo aja asanabwere, koma palibe anandifunsapo." Titawunika maso ndi tochi tinaona kuti kufiirako sikunali kutupa. Inali timitsempha ta magazi totukuka, topotanapotana, tochoka m'ngodya za diso kulowera pakati, mbali zonse ziwiri. Tina tinali pakhutu. Pakhungu lakuda timitsempha totere sitioneka msanga, ndiye poyang'ana pake ndi poyera pa diso ndi pakhutu, powala bwino. Mawu ake anali olemera ndi okoka, malovu ankadontha, ndipo akati agwire mphuno ndi chala ankaphonya.

Madzulo omwewo agogo ake anabwera kudzazonda ali ndi mlongo wake wa zaka 4. Kamtsikanako kakathamanga m'khonde kankaoneka bwinobwino, koma kakaima chilili kankagwedera ngati bango pamphepo, ndipo kakakhala pabenchi thupi silinkakhazikika. Umu ndi mmene matendawa amayambira, ndipo n'chifukwa chake makolo ndi anamwino omwe amawaphonya. Titafunsa za banja tinamva kuti abambo ndi amayi ndi pachisuweni, komanso kuti mwana wawo woyamba, yemwenso sankayenda bwino, anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka 6.

Tinapima puloteni ya m'magazi yotchedwa alpha-fetoprotein, AFP. Mwana akapitirira zaka ziwiri imayenera kukhala pansi pa 10 ng/mL kapena chapompo. Ya mnyamatayo inali 186, ya mlongo wake 94. Chiwindi pasikani chinali chabwino, hepatitis B panalibe, machende analibe chotupa, choncho zifukwa zina zokwezera AFP zinachoka. Ku Lusaka atapima ma immunoglobulin, mapuloteni oteteza thupi ku matenda, anapeza IgA yotsikitsitsa, IgG yochepa, ndipo MRI inaonetsa kuti cerebellum, bongo wa kunkhongo wosunga thupi kuti lisagwe, yafota. Jini yeniyeniyo sinapimidwe. Komabe kudzandira komka patsogolo, maso olephera kutsogola, timitsempha ta m'maso, chitetezo chofooka ndi AFP yokwera mwa ana awiri a mimba imodzi ndi umboni wokwanira kumusamala mwana ngati wa ataxia-telangiectasia. AFP imapezeka yokwera mwa pafupifupi onse odwala matendawa, ndipo ndi chopima chomwe labu zambiri zazikulu zimachita kale pofufuza khansa ya chiwindi.

Chomwe chimalumikiza kudzandira, chibayo, khansa ndi kupwetekedwa ndi mankhwala

DNA, yomwe imasunga majini m'selo, ili ngati chingwe cha nkhosi ziwiri. Nkhosi imodzi ikaduka, inzakeyo imagwirabe ndipo selo limaonera pomwepo polumikiza. Zikaduka zonse ziwiri, nsonga zimalekana, ndiye pamakhala ngozi yoti zimangidwe ku chingwe china. Poduka pakaoneka, mapuloteni atatu, MRE11, RAD50 ndi NBN, amagwira nsongazo n'kuitana puloteni ina yotchedwa ATM. Ntchito ya ATM ili ngati ya mlonda wokuwa: imadzutsa p53, CHK2 ndi ena, selo limaleka kugawikana mpaka podukapo pakonzedwe, ndipo zikakanika limadzipha. Jini ya ATM ili pa chromosome 11 ndipo inazindikirika mu 1995. Mwana amene walandira jini yowonongeka kwa makolo onse awiri alibe mlonda ameneyu. Maselo ake amapitiriza kugawikana chingwe chili chodukaduka.

Chifukwa chomwe ngoziyi imagwera kwambiri ma lymphocyte n'chakuti iwo amadula DNA yawo mwadala. Akadali aang'ono, RAG1 ndi RAG2 zimadula ndi kulumikizanso zidutswa za majini kuti selo lililonse likhale ndi chogwirira chake cha tizilombo. Pambuyo pake, B-lymphocyte ikakumana ndi matenda m'mwanabele, puloteni yotchedwa AID imayambitsa kuduka kwina kuti selo lisinthe kuchoka popanga IgM kupita ku IgG kapena IgA. Popanda ATM kusinthaku kumalephereka kawirikawiri, ndipo apa ndi pamene panachokera IgA yotsika, mafinya a m'khutu ndi chibayo cha mwana wathu. Kulumikiza kukasokera, khansa imayamba. Mu Burkitt lymphoma jini ya MYC ya pa chromosome 8 imakamangidwa pafupi ndi jini ya immunoglobulin, nthawi zambiri ya pa chromosome 14, nthawi zina ya pa 2 kapena 22. MYC ikakhala pamalo pomwe selo limawerenga usana ndi usiku, selolo silipumanso kugawikana.

Kuno kwathu pali zina ziwiri zothira mafuta pamoto. Kachilombo ka Epstein-Barr, komwe kanapezeka mu 1964 m'maselo a chotupa chomwechi chimene Denis Burkitt anafotokoza ku Uganda mu 1958, kamalowa mwa ana ambiri akadali aang'ono ndipo kamathandiza selo lolakwika kuti lisafe. Malungo a falciparum obwerezabwereza amachititsa ma B-lymphocyte kugawikana kwa nthawi yaitali AID ili pantchito, kuduka n'kumachuluka. Ana ambiri a Burkitt amene timaona ali ndi ATM yabwinobwino, mlonda anangochulukiridwa. Mwana uyu anali ndi zonse: kuduka kochuluka, wokonza palibe. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse a ataxia-telangiectasia amadwala khansa pa moyo wake, ndipo paubwana yambiri imakhala lymphoma kapena leukaemia.

Chovuta n'chakuti zida zathu zambiri zimapha khansa powononga DNA. Radiotherapy, kuwotcha khansa ndi cheza, ndi bleomycin zimadula nkhosi zonse ziwiri, etoposide ndi doxorubicin zimasiya DNA yoduka kudzera mu topoisomerase II, cyclophosphamide imamata nkhosizo molakwika. Timadalira kuti maselo abwino a m'kamwa, m'matumbo ndi m'mafupa adzikonza msanga kuposa a khansa. Mwa mwana ameneyu chidaliro chimenecho chinalibe poima. Vincristine siidula DNA, koma inagwera mitsempha yomwe matendawo anali atayamba kale kuifoola.

Zomwe zinasintha

Kalata yomutumizira ku Lusaka inalembedwanso. Mzere woyamba, m'zilembo zazikulu, unanena kuti akuganiziridwa kuti ali ndi ataxia-telangiectasia, asapatsidwe radiotherapy, ndipo CT ipewedwe ngati ultrasound kapena MRI ingayankhe funsolo. Radiotherapy si mbali ya chithandizo cha masiku onse cha Burkitt, koma pangozi, monga chotupa chikapanikiza msana, munthu angaiganizire usiku mwachangu, ndipo muyeso wabwino kwa ena ungaphe mwana wotere. X-ray imodzi yofunikadi siyoletsedwa. Chomwe tiyenera kuleka ndi kujambula chifukwa cha chizolowezi.

Madokotala a khansa ya ana anamupatsa magawo anayi a mankhwala osinthidwa. Cyclophosphamide inachepetsedwa ndi theka ndipo inkapita ndi mesna yoteteza chikhodzodzo ndi madzi ambiri. Methotrexate ya mumsempha inatsitsidwa kuchoka pa 3 g/m² kufika pa 1 g/m², ndi folinic acid pambuyo pake. Doxorubicin inachepetsedwa ndi theka. Vincristine inadumphidwa gawo loyamba, n'kubwezedwa pa theka mapazi atayamba kudzuka. Etoposide sanamupatse. Methotrexate ya mumsana sinachepetsedwe, chifukwa Burkitt ikalowa muubongo kubweza kumavuta. Rituximab, 375 mg/m², inapezeka ndipo analandira kanayi. Imeneyi imagwira CD20 popanda kukhudza DNA, koma imatsitsanso ma immunoglobulin mwa mwana amene ali kale ndi ochepa, choncho kutentha thupi kulikonse kunkatengedwa ngati ngozi. Cotrimoxazole yoteteza chibayo inkaimitsidwa masiku a methotrexate ya mumsempha, popeza ziwirizi zikakumana poizoni amakula.

Miyeso imeneyi isakoperedwe kwa mwana wina. Gawo lililonse linkakonzedwa poona mmene wapiririra lapitalo. Ndipo mantha asatipititse mbali inayo: Burkitt yopatsidwa mankhwala osakwanira imabwerera, ndipo ikabwerera ana ambiri sapulumuka. Mwana wa ataxia-telangiectasia ayenera kupatsidwa mwayi wochira, kungoti muyeso wake ufunika kuupeza mosamala, pamalo pomwe magazi, ma antibiotic ndi labu zilipo usiku womwe. Ngakhale ndi kuchepetsako, anatentha thupi ma neutrophil ali pansi kawiri ndipo anaikidwa magazi katatu. Potha gawo lachiwiri ultrasound sinaonetsenso chotupa.

Kukambirana ndi banja kunatenga masiku awiri, ndipo tinadikira atsibweni a anawo, chifukwa nkhani ya mbumba siingathe iwo palibe. Amayi anafunsa maso ali pansi: "Ndiye kuti anawa ndinawapatsira ndine?" Tinawayankha kuti ayi amayi, mwana amadwala pokhapokha atalandira mbewu yolakwikayo mbali zonse ziwiri, ya abambo ndi ya amayi, ndipo palibe mwa awiriwo akanadziwa, chifukwa wonyamula imodzi amayenda bwinobwino. Tinaika nyemba zinayi m'mbale, imodzi yakuda yoimira mwana wodwala, n'kufotokoza kuti pa mimba iliyonse munthu amatola mwatsopano, nyemba zonse zinayi zitabwezedwa. Atsibweni anafunsa ngati chisuweni ndicho chinalakwika. Chilungamo chake n'chakuti achibale amatha kunyamula jini imodzimodzi kuchokera kwa kholo limodzi, choncho mpata umakula, koma maukwati ambiri a pachisuweni amabereka ana athanzi ndipo matendawa amagweranso anthu osakhala pachibale. Tinawauzanso amayiwo za iwo eni: mkazi wonyamula jini imodzi yowonongeka ya ATM ali pa chiopsezo cha khansa ya m'mawere chokwera mwina kawiri kuposa anzake. Anaphunzitsidwa kudzipima mawere ndipo analembedwa kuti aziwonedwa chaka ndi chaka.

Patatha miyezi 7 chimalizireni mankhwala, mnyamatayo anayamba kukodza magazi. Pakiliniki ina anamupatsa praziquantel, mankhwala a likodzo, zomwe m'dera la madambo ndi zitsime zosambamo ana aliyense angayambire. Magazi sanaleke. Atafika kwathu hemoglobini inali 6.9, mikodzo itatu ya masana inalibe mazira a likodzo, majeremusi sanamere, ndipo sikani inaonetsa khoma la chikhodzodzo lokhuthala ndi mibulu ya magazi mkati, chotupa palibe. Kutaya magazi m'chikhodzodzo kobwera mochedwa, miyezi itapita cyclophosphamide itaperekedwa, kumadziwika mwa odwala ataxia-telangiectasia, ndipo kumagwirizana ndi timitsempha totukuka tomwe timamera m'khoma la chikhodzodzo. Anaikidwa catheter yotsukira, chikhodzodzo chinkatsukidwa ndi saline mosalekeza, anaikidwa magazi kamodzi, ndipo mkodzo unayera pa tsiku la 9. Kalata yathu yotulukira inalibe chenjezo la zimenezi. Panopo timalilemba.

Kwa mwana aliyense woganiziridwa lymphoma, asanalandire jakisoni woyamba kapena kulowa mu CT, pali mphindi zisanu zomwe sizifuna makina. Mwanayo atsitsidwe kumsana ayende, aime chilili, atsate chala ndi maso. Maso ndi makutu awunikidwe ndi tochi, mutu uyezedwe ndi tepi, khungu lonse lionedwe, ndipo makolo afunsidwe za chibale chawo ndi za ana ena, amoyo ndi omwalira. Mutu waung'ono kwambiri ukumbutse Nijmegen breakage syndrome kapena vuto la ligase IV, omwenso radiotherapy imawapweteka koopsa ngakhale AFP yawo siikwera. Msinkhu wochepetsetsa ndi zidzolo za kumaso zobwera ndi dzuwa zikumbutse Bloom syndrome. Mawanga a pakhungu pamodzi ndi m'bale amene anadwala chotupa cha muubongo kapena cha m'matumbo ali mwana zimaloza ku vuto la mismatch repair, la majini a MLH1, MSH2, MSH6 kapena PMS2. Ana a gulu lomalizali nthawi zambiri safunika kuchepetsedwa mankhwala, n'chifukwa chake kungonena kuti DNA siikonzeka sikokwanira, tiyenera kudziwa njira yomwe yawonongeka.

Paulendo wake womaliza, miyezi 14 chimalizireni mankhwala, mnyamatayo analibe chizindikiro cha lymphoma, ndipo popeza Burkitt imakonda kubwerera m'chaka choyamba, zimenezi n'zolimbikitsa. Ataxia yokha, kudzandira kuja, ikumkabe patsogolo. Tsopano amayendera njinga ya olumala, amatsamwa ndi madzi moti phala ndi thobwa amamupangira zolimbirako, ndipo amakhosomola makhololo m'mawa uliwonse. Amayi ake anaphunzira kumuguguda pachifuwa kawiri patsiku. Akumwabe cotrimoxazole, ndipo ana onse awiri amagona m'neti.

Pachikuto cha buku la mlongo wake tinalemba ndi inki yofiira dzina la matendawa, chenjezo la X-ray ndi radiotherapy, komanso kuti katemera wa tizilombo tamoyo asaperekedwe chitetezo chake chisanapimidwe. Mwezi wathawu amayi ake anabwera naye atangoona kamwanabele pakhosi, pa tsiku lachitatu. Anapangidwa ultrasound tsiku lomwelo, m'khutu munapezeka mafinya, anamwa amoxicillin, ndipo titamuonanso patapita milungu iwiri kamwanabeleko kanali katasungunuka. Adzabweranso pakatha miyezi itatu.